MWANA AYAMBE NDI KUWERENGA MBUZI ZA KWAO

M'cinenero cathu muli liu limodzi limene ligwira nchito ziwiri. Mwana akatsegula buku nachula mau olembedwamo, timati ali kuwerenga. Mnyamata akaima pakhomo la khola madzulo kuti aone ngati mbuzi zonse zalowa, iyenso timati ali kuwerenga. Makolo athu sanalakwe poika nchito ziwirizi pa liu limodzi, pakuti zonse zifuna maso akuthwa, kudekha mtima, ndi kutsata zinthu cimodzicimodzi popanda kulumpha. Sabata ino tifuna kukamba za buku limene nchito ziwirizi zikumanamo, ndilo buku la zithunzi lophunzitsa ana ang'ono manambala.

Nkhaniyi ingaoneke yacibwana kwa ena, koma siili yaing'ono. Kuyambira mu January 2022, pamene Boma linacotsa malipiro m'masukulu ace, ana oculuka alowa m'makalasi, ndipo masukulu ambiri a pulaimale ali ndi kalasi la ana amene sanafike pa Giredi 1. Tsono funso lafika pa khomo la kholo lililonse, la m'tauni ndi la kumudzi lomwe: kodi mwana wa zaka zitatu, zinai kapena zisanu timpatse buku lotani, limene adzalikonda, nabwerera kwa ilo mawa ndi mkuja popanda womkakamiza?

Inu anzathu a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Nyimba, mukabwera kuno ku Lusaka pa mseu wa Great East, mupita pa thanki lalitali la madzi la ku Chelstone musanalowe pakati pa mzinda. Mukapeza mpata, yendani m'masitolo a mabuku a m'tauni, ndiponso a ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Mudzaona mabuku a ana okongola ndithu, a mapepala olimba ndi utoto wowala. Koma mukawatsegula mudzapeza kuti oculuka anacokera kunja kwa nyanja ndipo ali m'Cingerezi. Mwana auzidwa kuwerenga zimbalangondo, masitima apamadzi, ndi zipatso zimene sizimera m'dimba la munthu aliyense kwathu kuno. Sitinena kuti mabukuwa ndi oipa. Tingokumbutsa mwambi wa akulu wakuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukongola kwa cikuto sikutsimikiza kuti mwana wa ku Kabwata kapena wa ku Chadiza adzapezamo cace.

Tisanachule zimene zikometsa buku lotere, tiyenera kumvetsa kusiyana kwa kuloweza ndi kuwerenga. Makolo ambiri anyadira mwana akaimirira pamaso pa alendo nalakatula manambala m'Cingerezi kufikira khumi kapena makumi awiri. Kulakatulako ndi ciyambi cabwino, koma mwanayo angakhale asanadziwe kanthu za kuculuka kwa zinthu. Katswiri wina wa maganizo a ana, dzina lace Karen Wynn, anaonetsa zimenezi m'zolemba zace za mu 1990 ndi 1992. Iye anaika zidole patsogolo pa ana a zaka ziwiri ndi zitatu nawapempha kuti ampatse cimodzi, ziwiri, zitatu. Ana ambiri odziwa kulakatula manambala anali kungotapa codzaza dzanja. Anapeza kuti mwana ayamba wamvetsa "cimodzi", papita miyezi namvetsa "ziwiri", kenaka "zitatu", ndipo patenga pafupifupi caka kuti azindikire kuti kuwerenga ndiko kumuuza kuculuka kwa zinthu.

Mayeso amenewa safuna ndalama. Mai aliyense angathe kuthira nshawa m'licero nauza mwana kuti, "Ndipatse zitatu." Ngati mwana atapa cabe, musamkalipire ndipo musamseke. Iye ali pa njira, ndipo buku labwino ndilo limodzi la zinthu zomuyendetsa pa njirayo.

Akatswiri ena awiri, Rochel Gelman ndi C. R. Gallistel, analemba mu 1978 mfundo zisanu zimene mwana ayenera kugwira kuti atchedwe wodziwa kuwerenga. Cinthu ciliconse cilandira nambala imodzi yokha. Manambala atsatana m'dongosolo losasintha. Nambala yotsiriza kuchulidwa ndiyo inena kuculuka kwa zonse. Zinthu za mtundu uliwonse zingathe kuwerengedwa, kaya ndi ng'ombe, kaya ndi masiku, kaya ndi kulira kwa ng'oma. Ndipo ungayambire kumanja kapena kumanzere, yankho likhala lomwelo. Mbusa aliyense wa ng'ombe adziwa zimenezi ngakhale sanazimvepo m'kalasi. Nchito ya buku ndiyo kulowetsa mfundozi mwa mwana iye ali kusekerera.

Nanga cikondweretsa mwana nciani? Coyamba, mwana akondwa akaona m'buku cinthu cimene acidziwa. Muonetseni cithunzi ca nkhuku ya anapiye, mudzamva akufuula kuti, "Iyi ndi ya agogo!" Pomwepo mtima wace watseguka, ndipo kuwerenga anapiyewo sikukhalanso nchito. Koma akakumana ndi cinyama cimene ngakhale atate ace sacidziwa dzina, nzeru zace zonse zithera pa kudabwa, ndipo nambala aiiwala. Dziko lathu silisowa zowerenga. Pa mbendera yathu pali nkhwazi imodzi ndi mitundu inai. Njinga ili ndi mawilo awiri. Mphika ukhala pa mafuwa atatu. Mbuzi iyenda ndi miyendo inai, dzanja lili ndi zala zisanu, ndipo Zambia ali ndi zigawo khumi. Mwana wa m'tauni angawerenge maminibasi pa siteshoni ndi milu ya matimati pa msika wa Soweto. Wa kumudzi angawerenge nkhokwe, maungu, masuku ndi mbewa za pa mpani.

Mai wina wa ku America, Muriel Feelings, amene anaphunzitsapo ku Uganda, anazindikira zimenezi kale. Mu 1971 iye ndi mwamuna wace Tom Feelings, wojambula zithunzi, anatulutsa buku lochedwa Moja Means One, lophunzitsa manambala a Ciswahili kuyambira 1 kufikira 10, nambala iliyonse ili ndi cithunzi ca moyo wa anthu a kum'mawa kwa Africa. Bukulo linapatsidwa ulemu wa Caldecott mu 1972. Ngati anthu a kutali anaona kuti moyo wa mu Africa uyenera kulowa m'buku la manambala, ife eni ace tidikira ciani?

Caciwiri, cithunzi cinene zoona. Ngati pa tsamba palembedwa 4, mbuzi zikhale zinai, zooneka bwino, zosabisalana, zotalikirana kotero kuti kacala ka mwana kangathe kukhudza iliyonse payokha. Wojambula wina pofuna kukometsa tsamba aonjezera mbalame pamtengo ndi agulugufe m'mphepete, mwana nawerenga zonse pamodzi napeza zisanu ndi ziwiri. Akauzidwa kuti walakwa, mtima wace ugwa, pamene wolakwa ndi wojambula. Mwana akondwera kwambiri akapeza yekha kuti yankho lace ligwirizana ndi nambala yolembedwa. Cimwemwe cimeneco ndico cimbwezera ku buku. Nambala yomweyo ilembedwe yaikulu ndi yomveka, yakuti mwana angaitsate ndi cala naikajambula pamcenga.

Cacitatu, manja a mwana apatsidwe cocita. Mwana wamng'ono aphunzira ndi thupi lonse, ndipo kumuuza kuti akhale cete napinde manja ndiko kumlanda theka la nzeru zace. Buku lina lochuka pa dziko lonse, The Very Hungry Caterpillar, limene Eric Carle anatulutsa mu 1969, lisimba za mbozi ya njala imene idya cipatso cimodzi Lolemba, ziwiri Laciwiri, kufikira zisanu Lacisanu. Cinsinsi cace ndi cakuti pa cipatso ciliconse pepala linabooledwa, ndipo ana apisa zala m'timabowoto. Popisa cala kamodzi pa cipatso cimodzi, mwana agwira mfundo yoyamba ija osadziwa kuti ali kuphunzira. Mwana wa kwathu, amene adziwa kukoma kwa mphalabungu, angafunse cifukwa cace mboziyo siilowa mumphika, ndipo funso loterolo lionetsa kuti bukulo lamgwira mtima.

Cacinai, m'buku mukhale nkhani. Mndandanda wa zinthu wopanda mutu utopetsa ngakhale wamkulu. Ana athu analeredwa ndi nthano za madzulo, ndipo adziwa kuti nthano yabwino ikhala ndi cina cimene cicititsa mtima kugunda. Tiyerekeze nkhuku ituluka m'mawa ndi anapiye asanu. Kabawi azungulira kumwamba, ndipo kamwanapiye kamodzi kathawira pansi pa nkhokwe. Atsala angati? Kena kabisala m'cigoba ca dzungu. Atsala angati tsopano? Mwana sadzalola kuti mutseke buku asanaone ngati onse asanu abwerera kwa mai wao. Apo waphunzira kucotsera ndi kuphatikiza, ndipo wapezanso cifukwa cowerengera, pakuti munthu awerenga zinthu zimene aopa kutaya.

Wojambula wa ku Japan, Mitsumasa Anno, anasonyeza mu 1975 kuti nkhani ingayende ngakhale popanda mau. Buku lace liyamba ndi dera lopanda kanthu, ndiyo ziro. Tsamba lililonse ndi mwezi watsopano, ndipo nyumba, mitengo ndi anthu zionjezeka cimodzicimodzi kufikira 12, dera lija litasanduka mudzi. Wojambula wathu angacite zofanana ndi caka ca mlimi: kusosa, kubzala ndi mvula yoyamba, kupalira, kudya zaziwisi, kukolola, ndi kutsekera cimanga m'nkhokwe. Buku lopanda mau ambiri lili ndi ubwino wina, wakuti agogo amene sanapite kusukulu angathe kulitsegula ndi mdzukulu wao popanda manyazi.

Cacisanu, ndipo ici ticinena mogogomeza, buku lilankhule cinenero ca mwana monga eni ace alankhulira. Manambala a Cinyanja asintha mutu potsata cinthu cowerengedwa. Timati mwana mmodzi, mbuzi imodzi, dzira limodzi, cingwe cimodzi, kambalame kamodzi. Timati ana awiri, mitengo iwiri, zingwe ziwiri, timbalame tiwiri. Kusinthaku kukoma m'khutu ngati nyimbo, ndipo ana akonda kukubwereza. Buku longotembenuzidwa mofulumira kucokera ku Cingerezi litaya kukoma kumeneku, ndipo nthawi zina liika mutu wolakwika, mwana naphunzira Cinyanja copunduka.

Palinso cuma cina m'manambala athu. Tikafika pa zisanu, dzanja latha, ndipo tiyamba lina: zisanu ndi cimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinai, kenaka khumi. Ena ati kawerengedwe aka ndi kotalika, ndipo ncifukwa cace pamsika ndi m'basi anthu achula mitengo m'Cingerezi. Pa malonda nzoona kuti kufupika kuthandiza. Koma kwa mwana wophunzira, kutalikako ndi mphunzitsi. Amene anena "zisanu ndi ziwiri" wanena kale kuti 5 kuphatikiza 2 ndi 7, samu imene mnzace woloweza Cingerezi cokha adzayenera kuiphunzira payokha. Wojambula wanzeru adzaika mango asanu mumzere wapamwamba ndi awiri mumzere wapansi, kuti diso lione cimene pakamwa panena. Sitiletsa kuti dzina la Cingerezi la nambalayo lilembedwenso pambali, pakuti mwana adzalifuna kusukulu ndi pamsika. Koma maziko akhale a kwao.

Cacisanu ndi cimodzi, buku lisathamange. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kwa mwana wa zaka zitatu, buku lolekeza pa zisanu likwanira. Wa zaka zisanu angafike pa khumi. Mabuku amene afika pa zana m'masamba ocepa akondweretsa wogula, koma mwana angoona nyerere za manambala. Ndipo mwana akapempha buku lomwelo kakhumi, musatope naye. Kubwereza ndiko kudya kwa nzeru zace, ndipo tsiku limene adzakutsogolerani kuchula nambala musanatembenuze tsamba, mudzaona nkhope yace ikuwala.

Cotsiriza, ndipo coposa zonse, ndi munthu amene akhala pambali pa mwana. Buku la mtengo wapatali losiyidwa pa shelefu m'nyumba ya ku Kabulonga lipambanidwa ndi buku la makatoni limene mai wa ku Lundazi atsegula ndi mwana wace pamphasa. Wamkulu afunse, adikire yankho, alole mwana kuloza, ndipo akatha kuwerenga afunsenso kuti, "Tsono zonse pamodzi ndi zingati?" Funso limeneli ndilo limanga mfundo yacitatu ija. Abambo nawonso asaone ngati iyi ndi nchito ya amai okha. Mphindi zocepa madzulo, pobwera kumunda, zikwanira.

Tsono ticeukire kwa amene ali ndi mphamvu yopanga mabuku. Mbiri ya cinenero m'masukulu athu yakhala yopita uku ndi uku. Kuyambira mu 1966 ana anali kuphunzira m'Cingerezi kucokera pa Giredi 1. Mu 1977 Unduna wa Maphunziro unavomereza kalembedwe ka zinenero zisanu ndi ziwiri za m'Zambia, Cinyanja cili pakati pao. Mu 2014 zinenero zathu zinayamba kugwiritsidwa nchito pophunzitsa kucokera pa Giredi 1 kufikira Giredi 4, ndipo m'cigawo ca Kum'mawa ndi muno mu Lusaka cinenero cace cinali Cinyanja. Dongosolo latsopano la maphunziro limene linayamba mu 2025 lapatsanso Cingerezi malo akulu m'makalasi oyamba. Malamulo a sukulu angasinthe motero, koma mwana wa zaka zinai alota ndi kulira m'cinenero ca mai wace. Ngati kusukulu Cingerezi cikula, ndiye kuti buku la Cinyanja la pakhomo lifunika koposa kale.

Dziko lathu silisowa zipangizo. Tili ndi Zambia Educational Publishing House, imene kale inali Kenneth Kaunda Foundation, ndipo akulu ambiri akumbukira mabuku a Cinyanja a NECZAM amene anawerenga ali ana. Tili ndi Curriculum Development Centre muno mu Lusaka. Tili ndi ophunzira zojambula pa Evelyn Hone College, ndi amisiri a pa Kabwata Cultural Village pa mseu wa Burma, amene manja ao asema njovu, mvuu ndi ng'ona tsiku ndi tsiku kuti agulitse kwa alendo. Manja omwewo angathe kujambula mbuzi zinai za mwana wa m'Zambia. Tipempha mabungwe amenewa, pamodzi ndi osindikiza ena onse, kuti akumanitse olemba Cinyanja ndi ojambula, atulutse timabuku tating'ono, tolimba, ta mtengo umene mlimi angakwanitse atagulitsa nkhuku imodzi. Ndipo timabukuto tisathere m'masitolo a mu Cairo Road. Tifike m'magolosale a pa boma lililonse, m'zipatala zimene amai apita ndi ana ku sikelo, ndi m'machalichi.

Zitsanzo zabwino zilipo. Mu 2007 bungwe la Lubuto linatsegula laibulale yace yoyamba ya ana pa Fountain of Hope ku Kamwala, kuti ana osauka ndi amasiye akhudze mabuku ndi manja ao. Kuyambira mu 2014, nchito ya African Storybook ya ku South Africa yaika pa intaneti timabuku ta zithunzi ta ulere m'zinenero zambiri za mu Africa, Cinyanja cili momwemo, ndipo mphunzitsi amene ali ndi foni angathe kutitenga naonetsa ana. Izi zitiphunzitsa kuti pamene pali cifuniro, mtengo wa pepala suli cifukwa cokwanira cokhalira manja lende.

Koma inu makolo a kumidzi, musadikire Lusaka. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Tengani katoni yakale, muidule masamba asanu, muwasoke ndi ulusi wa thumba. Pa tsamba loyamba jambulani dzuwa limodzi ndi khala, pa laciwiri matani nthenga ziwiri za nkhanga, pa lacitatu masamba atatu a mango, pa lacinai njere zinai za dzungu, pa lacisanu mwana aike dzanja lace ndipo mulizungulize ndi pensulo. Mwana wa Giredi 6 angathe kulemba manambala ndi mau. Buku lotero mwana adzalinyadira koposa la m'sitolo, pakuti dzanja lace lili m'kati. Aphunzitsi ndi makomiti a makolo angasankhe tsiku limodzi pa temu lopangira mabuku otere pamodzi, popeza mutu umodzi susenza denga.

Musataye masewera a makolo. Mtsikana wosewera ciyato awerenga miyala imene atulutsa ndi kubweza, ndipo mnyamata woonerera nsolo pansi pa mtengo aona akulu akugawa miyala m'maenje umodziumodzi, nawerengera patsogolo pomwe mwala wotsiriza udzagwera. Amenewa ndi masamu enieni. Buku labwino la manambala liima pakati pa bwalo la nsolo ndi kalasi, kuti mwana aone kuti zimene aphunzira kwa agogo ndi zimene aphunzira kwa aphunzitsi ndi za mtundu umodzi.

Tanena zonsezi cifukwa tidziwa cimene ciyembekezera mwana ameneyu akakula. Tsiku lina adzaima patsogolo pa sikelo ya wogula mbeu, thumba la makilogalamu 50 lili pa mbedza. Adzawerenga mameda a nyemba pamsika, mapiritsi a mwana wodwala, matumba a fetereza a kalabu, ndi ndalama zotumizidwa pa foni. Amene aopa manambala adzagwedeza mutu kuvomera ciliconse cimene auzidwa, ndipo thukuta la caka conse lingathere m'thumba la wocenjera. Amene anazolowerana ndi manambala ali pamiyendo ya amace adzati, "Taimani, tiwerengenso."

M'mera mpoyamba. Olemba alembe, ojambula ajambule, osindikiza atsitse mitengo, ndipo inu makolo, madzulo ano mbuzi zikamalowa m'khola, itanani mwana wanu wamng'ono aime nanu pakhomo, muziwerenge pamodzi.